Tizilombo Tofiira M'dimba la Apongozi

Apongozi anga aamuna anabwera kudzakhala nafe ku Mtendere akazi awo atamwalira kumudzi ku Katete. Anali munthu wamtali, wosayankhulayankhula. Paunyamata wawo anagwirapo ntchito yosamalira maluwa kumayadi a ku Kabulonga. Ine ndinabadwira m'komboni, ndipo za upongozi ndinkangozimvera kwa anthu. Mwamuna wanga anandilangiza kuti ndisamawayang'ane m'maso, ndisamakhalenso nawo pampando umodzi. Choncho miyezi iwiri yoyamba tinkangopatsana moni, ine nditagwada pakhomo, iwo akuyang'ana kumbali.

Kuseri kwa nyumba kunali kamalo pakati pa chimbudzi ndi mpanda wa mabuloko. Apongozi anakagawula, nathira manyowa a nkhuku amene anapempha kwa aneba, nabzala repu, mpiru, tomato ndi kalembula, mbatata ya masamba a ndiwo ija. Madzi otsukuluzira zovala ndinkawasiyira m'ndowa pakona, iwo n'kumadzatenga ine nditachokapo.

Nyengo yozizira ikutha, repu anagwidwa ndi nsabwe, zotuwa zija zimaunjikana kunsi kwa tsamba mpaka tsambalo kukwinyika. Sabata yomweyo, m'mawa wina ndikupita kukayanika zovala, ndinapeza mpanda wonse wafiira. Tizilombo tozungulira ngati theka la nsawawa, ta madontho akuda pamsana, tinali ponseponse: pachingwe, pandowa, pachitseko cha chimbudzi. Tina tinanditera m'tsitsi. Ndinathamangira m'nyumba n'kutuluka ndi chitini cha mankhwala opopera mphemvu.

"Amayi! Imani!"

Chitini chinatsala pang'ono kugwa. Aka kanali koyamba kuti apongozi andiuze mawu ena osakhala moni.

"Batate, tudoyo utu tuzasiliza repu yonse," ndinatero.

"Bwerani muone."

Anakhala chonjuta, natembenuza tsamba limodzi. Ndinaima patali. Anakodola ndi dzanja, ndipo ndinasendera mpaka ndinagwada pambali pawo. Kachilombo kamodzi kanali katagwira nsabwe n'kumaidya modekha. Katatha iyo kanagwira ina.

"Awa ndi antchito anga," anatero. "Ndiwo sadya. Amadya zimene zikudya ndiwozo. Kumayadi kuja ndinkachita kuwatola m'tchire n'kuwabweretsa m'bokosi la machesi. Inu akubwererani okha."

Anandionetsanso tina takuda, totalikirapo, ta timinga ngati ana a ng'ona, nati tidzasanduka tofiira tomweto. Ndinakana. Anaseka, nati tidikire tione. Mwamuna wanga, amene ankayendetsa minibasi, anabwera kudzatenga laisensi imene anaiwala, n'kutipeza mitu itagundana pa tsamba la repu. Anatsokomola kawiri, palibe amene anatembenuka, nabwerera ku ntchito.

Patatha milungu iwiri nsabwe zinatha, tizilomboto tinabalalika. Koma ine ndi apongozi sitinabwerere ku moni wokha uja. M'mawa uliwonse, ndisanapite kumsika kumene ndinkaluka tsitsi, ndinkadutsira kudimba. Anandiphunzitsa kusiyanitsa mbozi ya gulugufe ndi mbozi yodula tomato. Zaka zimenezo kadimbako kankachita phokoso: njuchi pamaluwa a maungu amene tinkathyolako chibwabwa, ziwala zobiriwira, atombolombo ochokera kudambo.

Kenaka zinthu zinayamba kuchepa, ndipo sindingaloze tsiku lake. Aneba a kumanja anadula mango awo awiri n'kumanga zipinda za lendi. Kudambo anathirako zinyalala ndi miyala, kukumera nyumba. Amayi a kuseri kwa mpanda, amene ankalima ndiwo zogulitsa, anayamba kupopera mankhwala Loweruka lililonse, fungo lake n'kumafika kwathu. Nsabwe zokha ndizo zinkabwerabe chaka ndi chaka, osaphonya.

M'chaka chachisanu maso a apongozi anachita ng'ala. Poyamba ankabisa, mpaka tsiku lina anazula tomato poyesa udzu. Kuyambira pamenepo ankangokhala pakampando pafupi ndi dimba, ine n'kumawaonera.

"Lero kwabwera ndani?" ankafunsa.

"Gulugufe mmodzi woyera, na njuchi ziwili."

"Nanga ofiira aja?"

"Kulibe, batate."

Ndikayankha choncho sankadya tsiku limenelo. Madzulo ndinkapeza chakudya chamasana chili chovundikira momwe ndinachisiyira. Tsiku lina, osaganiza n'komwe, ndinati, "Baliko, batate. Batatu pa mpiru." Nkhope yawo inamasuka. Anafunsa madontho ake, ndinawauza. Mawa lake anakhala asanu. Sabata isanathe ndinali nditadzaza dimba lonse ndi pakamwa. Nsabwe ndinkazichotsa ndekha m'mamawa ndi madzi a sopo ndi phulusa, tsamba limodzilimodzi, iwo asanatuluke m'chipinda. Zinayenda choncho pafupifupi zaka ziwiri.

Dzina lawo litafika pamndandanda wa kuchipatala cha maso, mwamuna wanga anawaperekeza. Anabwerako diso limodzi lili lomata. Tsiku lokamatula ndinalephera kupita kumsika. Ndinasesa pabwalo katatu. Atafika sanalowe n'komwe m'nyumba, analunjika kuseri. Ndinaima pakhomo la khichini ndikuwaona akutembenuza masamba kuyambira mzere woyamba mpaka wotsiriza. Anayang'ana pampanda, anayang'ana pansi pa ndowa. Kenaka anabwera pang'onopang'ono, manja ali kumbuyo.

"Amayi, antchito aja amva kuti ndayamba kuona, athawa onse?"

Ndinagwada pomwepo. "Pepani, batate. Ninali kunama."

Anaseka mpaka kugwira pamimba. "Ndinkadziwa. Mukapita kumsika ndinkagwira masamba n'kununkhiza. Kodi kachilombo kamasamba ndi sopo?"

"Nanga simunakambe chifukwa chani?"

"Munkafotokoza bwino. Ndinkagona ndikuganiza kuti mawa mubweretsa angati."

Ndinalira, kwinaku ndikuseka. Iwo anandiuza kuti kuyambira tsopano mpiru wina tiziusiya uchite maluwa, ndiponso chisoso cha m'mbali mwa mpanda tisamazule, kuti maluwawo azikopa tizilombo tothandiza. Anapitanso okha kwa amayi a kuseri kuja kukapempha kuti azipopera mphepo ikaleka. Zinathandiza pang'ono. Chaka chotsatira tinaona tofiira tingapo, tosakwana zala za dzanja limodzi, ndipo njuchi zinabwererako. Apongozi anakhala nafe zaka zina zitatu, akuona ndi diso limodzi lija, asanatisiye.

Koma tsiku lomatula diso lija silinathere pa kuseka. Ndikuwapatsa madzi akumwa, anayang'anitsitsa manja anga. Anali osweka m'mfundo, otuwa ndi phulusa ndi sopo. Mwana wawo atabwera kuchokera kokaimika minibasi, anamuitanira panja, ndipo ndinamva zonse ndili m'khichini.

"Ine ndinali wakhungu," anatero. "Nanga iwe, uli ndi maso awiri abwinobwino, manja a mkazi wako sunawaone?"

Mawa lake mwamuna wanga anabwera ndi botolo la mafuta odzola, ali ndi manyazi ngati mwana wasukulu. Apongozi analilandira iwo, nalitsekula, nanunkhiza, nagwedeza mutu kuti ali bwino. Kenaka anaimirira n'kundipatsira ndi manja awiri.