Malovu Obwereka a Mayi Lukiya

Mayi Lukiya ankagulitsa tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu waukulu pa Phalula, ndipo sankakhulupirira munthu. Tsitsi akameta ankakwirira okha. Kwawo kunali ku Machinga. Anabadwa awiri, iwo ndi mng'ono wawo Zuhura, ana a malemu a Yunusu, mmisiri womanga nyumba. Awiriwo anali asakulankhulana bwino chifukwa cha dimba limene mayi awo anasiya.

Tsiku lina Jamali, mwana wa Zuhura, anabwera kuchokera ku Joni ndi kabotolo.

"Mungolavuliramo, amayi aakulu," anatero mnyamatayo. "Amayeza DNA kunja. Atiuza kumene makolo athu anachokera. Ine ndayezetsa kale."

"Amako alavula?"

"Iyayi, akuti akuopa."

"Ndiye wopanda mantha ndine?"

Iwo anaganiza kuti Zuhura wamutuma, mwina pofuna kuwalodza, mwina pofuna umboni woti si a m'banjamo. Koma kukana kukanaoneka ngati akubisa kanthu. Anauza Jamali kuti adzakatenge mawa lake. Atachoka, anatembenukira kwa Emmie, mayi wachikhristu wa kwa Kalembo amene ankagulitsa pa benchi yoyandikana nayo.

"Anzanga, tandilavulireni muno. Mwana wathu akuphunzira zoyeza shuga."

Emmie anaseka n'kulavula.

Mvula itayamba, Jamali anaimba foni. Mawu ake anali olemera.

"Zotsatira zabwera. Za kochokera palibe chachilendo, ndife anthu akonkuno. Koma pali china. Akuti ndinu m'bale wanga ndithu, koma inu ndi amayi kholo lanu ndi limodzi, osati onse awiri."

Mayi Lukiya anafuna kuseka makina abodzawo, koma anakumbukira kuti malovuwo anali a Emmie. Iwo ankayembekezera kumva kuti palibe chibale n'komwe. Nanga malovu a munthu wapadera apeza bwanji ubale ndi Jamali?

Kuyambira pamenepo anayamba kumuzonda Emmie. Anaona kuti amasanja tomato ndi dzanja lamanzere, ngati mmene a Yunusu ankagwirira chipande chomangira. Anaona mpata wa m'mano wonga wa a Yunusu. Anadzifunsa chimene chinamusankhitsa benchi imeneyo pamsika wonsewo, komanso chimene ankawafunsira kawirikawiri za ku Machinga.

Kumudzi nkhani inali itawanda kale. Anthu ankanong'onezana kuti Lukiya ndi wa mwamuna wina, kuti mayi awo, amene sankaphonya mapemphero a swala, anali oyendayenda. Izi zinawapweteka kuposa zonse.

Masana ena makasitomala atachepa, anafunsa.

"Kodi bambo anu anali ndani?"

"Sindinawaonepo," anayankha Emmie. "Amayi ankati anali Myao, anabwera kudzamanga sukulu kwathu. Ntchito itatha anapita. Mukufunsiranji?"

Mayi Lukiya anamuuza zonse, za kabotolo ndi za a Yunusu. Ankamuyang'anitsitsa kuti aone ngati adabwe zenizeni kapena mongonamizira. Emmie anaimirira.

"Mwatumiza malovu anga kunja osandiuza? Ali m'manja mwa ndani panopa?"

Madzulo ake Mayi Lukiya anaimbira Jamali n'kumuuza kuti abweretse kabotolo kena, alavula iye akuona, dzina la mayi awo liyere. Anachitadi zimenezo, ndipo zotsatira zinasonyeza kuti iwo ndi Zuhura ndi a bambo mmodzi ndi mayi mmodzi. Manong'onong'o aja anazilala.

Emmie anasamutsira benchi yake kutsidya kwa msewu. Jamali anapita kukamupepesa ndi chitenje chatsopano, akumutchula amayi aang'ono. Chitenjecho analandira, koma ku Machinga anakana kupita. Mayi Lukiya mpaka pano amanena kuti mkaziyo ankadziwa kuyambira kale. Minibasi ikaima, onse awiri amaithamangira ndi mabeseni, wina zenera ili, wina linalo.