Ndinaimitsa Njinga ya Mwana Wodwala

Inu owerenga, ine ndinapha mwana wa eni ndi pakamwa pangapa. Dzina langa sindikuuzani. Anthu a ku Kabudula amalidziwa, ndipo akalitchula amalavula.

Ndinali kapitawo pa esiteti ina ya fodya. Chingerezi changa n'chopereŵera, koma liwu limodzi ndinaligwira zolimba: sitopu. Ndinalitola kwa bwana wanga, amene ankandikalipira nalo, ine n'kumalitsitsira kwa matenanti. Ngolo ikamayenda, sitopu, iime. Amayi akamaimba posoka fodya m'chigafa, sitopu, akhale chete. Wina akayamba kudandaula kuti chakudya chatha m'nyumba, sitopu, nkhani yathera pomwepo. Ndinkalikonda chifukwa silipempha, silifunsa, ndipo munthu wosapita kusukulu akalimva amangomvera.

Tsiku lina m'mawa, nyengo yothyola fodya, ndinakumana ndi a Makwinja, tenanti wochokera ku Phalombe. Ankakankha njinga, akazi awo akutsatira atabereka kamwana kawo kakakazi. Ndinaima pakati pa njira n'kukweza dzanja.

"Sitopu!"

"A kapitawo, mwanayu watentha thupi kuyambira dzulo. Tikuthamangira kuchipatala," anatero a Makwinja.

"Fodya wakhwima m'munda. Kathyoleni kaye, mupita masana."

Njingayo inali ya pa esiteti, choncho ndinailanda n'kukaitsekera. Mayi aja ananyamuka okha wapansi, mwana kumbuyo. Anakafika kuchipatala dzuwa lili paliwombo, mwana atakomoka kale. Anali malungo. Sanafike madzulo.

Kumaliro ndinapita ndi ufa wachipepeso. A Makwinja sanandilole n'kukhala pansi komwe.

"Tengani ufa wanuwo. Mwana wanga sakudyanso."

Matenanti onse anandipatsa nkhongo. Bwana uja, yemwe ndinkamutsanzira ngakhale kayendedwe, anandichotsa ntchito sabata yomweyo, ati ndamuipitsira mbiri. Mpaka lero ndimamuda, koma njinga sanalande ndi iye. Ndinalanda ndine.

Tsono inu amene mwapatsidwa kaudindo, kaya pa esiteti, pageti, kaya mu ofesi, musatengere kukamwa kwa bwana wanu, pakuti tsiku la mlandu adzakukanani. Musanaimitse munthu panjira, yambani mwamufunsa kumene akupita, ndipo akakuyankhani mumvereni. Ine yankho ndinalimva bwinobwino, n'kulinyoza. Kamtsikana kaja bwenzi chaka chino kakuyamba sukulu.