Wa mufilimu akagwa amadzuka

Yamikani mng'ono wanga, lero ku babashopu pa boma amaonetsa hoke, masewera a ndodo a pa madzi oundana aja, ndipo mkwiyo wandibwereranso. Tsiku lina tikuonera hoke pabenchi ya pomwepo unandikalipira kuti mnyamata wa mufilimu yako, wosewera wopanda helemeti uja, angawagonjetse akatswiri enieni onse. Unati, "Achimwene, enawa ndi amantha, taonani akudzikuta mitu ngati makanda." Ndinakuuza kuti wakoyo angakhale womaliza, magazi ake ndi penti. Unandiseka.

Ndi liuma lomwelo unakwera njinga yako yamoto kupita ku Thambani, helemeti utaipachika pa handulo. Sindinakukhululukirebe, chitsiru iwe. Wa mufilimu akagwa amadzuka, n'kupukuta penti, n'kupita kwawo. Iwe utagwa pa njinga sunadzuke, tinachita kukunyamula.