Makalavani Awiri a Amalume Yoramu

M'mawa uliwonse, asanasambe m'maso, Amalume Yoramu amapita kuseri kwa nyumba kukapereka moni kwa makalavani awo awiri. Kwa zaka zambiri ankayamba ndi yatsopano. Ankagogoda kawiri pachitseko n'kunena kuti, "Mwauka bwanji, amai?" Yakale ankangoimenya kamodzi m'mbali akudutsa. Akazi awo, Anti Dailes, amauza aliyense kuti pakhomo pathu ku Kanakantapa pali mitala, ndipo iwo ndi mkazi wachitatu.

Amalume anachoka ku Katete ali mnyamata. Anagwira ntchito zaka makumi awiri pa kampani ina yonyamula alendo okaona nyama kutchire, ndipo iwo ndiwo ankakoka tinyumba tamatayala timene alendowo ankagonamo. Kampaniyo itatseka, anawapatsa kalavani imodzi yakale, yachikasu ngati dzungu, yolemera moti ng'ombe zinayi zinavutika poilowetsa pabwalo. Yatsopano, yoyera, anaipeza pambuyo pake pa famu ina cha ku Kasisi, itathyoka chitsulo cha matayala. Onse awiri anakhazikidwa pa njerwa. Sanayendeponso, koma Amalume amawapukutabe Loweruka lililonse.

Munthu akafika kwathu kudzapempha madzi akumwa, amachoka akudziwa kusiyana kwa makalavaniwa.

"Onani iyi yakudala," amatero Amalume. "Chitseko ching'ono, mukanenepa simungangene. Mawindo galasi imodzi, mphepo ingena monga ni kwao. Manje bwerani kuno. Gwirani chipupa ichi. Gwirani, musaope!"

Nkhani imafika pokoma akayamba za mahita. Ya m'kalavani yakale ndi ya gasi, yomangidwa m'khoma, yokhala ndi kachumuni kotulukira padenga. Kuiyatsa n'kovuta, imafuna kuinyengerera. Ya m'kalavani yatsopano ndi yamagetsi. Umangodina batani, fani n'kuyamba kupemerera mpweya wofunda kudzera m'timabowo ta pansi, ndipo kukatentha imazima yokha.

Koma chimene Amalume amanyadira koposa ndi gadi, kabokosi kakuda kofanana ndi mtanda wa sopo, kokhala pakati pa waya wochokera m'nyumba ndi kalavani yatsopano. Magetsi akabwerera, gadi siwalola kulowa nthawi yomweyo. Imayatsa kagetsi kachikasu n'kudikira mphindi zitatu. Akakhala abwera mwamphamvu kwambiri, imawakaniza.

"Malaiti ali monga mwamuna wochoka ku bawa," Amalume amatero. "Simumutsegulira pamenepo. Muyamba mwamvera mayendedwe yake."

"Muziwa bwanji imwe?" amafunsa Anti.

"Nenze kuona anzanga."

Chaka chatha mwana wawo woyamba, msuweni wanga Jenala, anapeza banja. Ukwati anauika mu Ogasiti. Pamaso pa achibale a mwamuna, Amalume anaimirira n'kulonjeza kuti nkhuku zonse zodyedwa pa ukwatiwo zidzachokera m'kalavani yawo. Anthu anaseka, koma iwo sankacheza. Kumapeto kwa Juni, kuzizira kutafika poluma zala, anachotsa mabedi m'kalavani yatsopano, anayala utuchi pansi, n'kuikamo anapiye mazana awiri. Masiku amenewo magetsi ankapita m'mawa n'kubwerera cha m'ma 3 koloko masana. Masana makoma ochindikala aja ankasunga kutentha, madzulo hita inkayamba ntchito. Mbaula anaikana. Anati utsi wa makala unawapherapo anapiye makumi atatu chaka china.

Anapiyewo ali ndi masiku asanu, linafika tsiku la kicheni pate ya Jenala. Limeneli ndi tsiku la amayi okhaokha, lolangiza mkwatibwi ndi kumupatsa ziwiya, ndipo bambo wa mwana saloledwa ngakhale kusuzumira. Amalume anathamangitsidwa m'mawa ndi mpando wawo. Anakakhala kudimba, kuseri kwa mpanda, akutembenukira kumakalavani ngati ng'ombe yosiya mwana m'khola.

Jenala anamuika m'kalavani yakale. Anakhala pakama atafunditsidwa chitenge kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ba Fyness, mlangizi wamkulu, mayi wamfupi wa mawu ngati a abusa, analamula kuti mkwatibwi asayankhule, asaseke, ndipo asatuluke mpaka achibale a mwamuna atafika. Iwowo anali akadali m'njira, minibasi yawo ikulimbana ndi msewu wafumbi.

Ine ndinali kutsuka mbale pafupi ndi makalavaniwo, chifukwa kuvina pagulu sindikutha. Ndinaona Anti akubwera chonyang'ama. Anayang'ana kumpanda, anazula gadi, analumikiza waya wa kalavani mwachindunji, n'kubisa kabokosiko m'chitenge. Anali atabwereka filiji kwa akazi a abusa yoti aziziritsemo zakumwa, ndipo mwini wake anali atawachenjeza katatu kuti isapse.

Ataona kuti ndawaona, anati, "Nabwereka chabe. Iwe sunaone chilichonse."

Ndinapitiriza kutsuka mbale imodzi yomweyo.

Magetsi anabwera 3 koloko itangokwana. Babu la pakhonde linawala ngati dzuwa lachiwiri. M'kalavani yatsopano munamveka kuti phwa, kenako kunatuluka fungo la pulasitiki yopserera. Filiji ya akazi a abusa inadikira mphindi zake zitatu mwaulemu, n'kuyamba kung'ung'udza bwinobwino.

Anti anadina batani la hita kasanu. Panalibe chinachitika. Dzuwa linali litapendeka kale, ndipo kamphepo ka Juni kanali katayamba kukwera kuchokera kudambo. Anapiye anayamba kuunjikana pakona, akulira mokweza. Aliyense woweta nkhuku amadziwa kuti akaunjikana chonchi, apansi amafa ndi kupsinjidwa, apamwamba amafa ndi kuzizira.

Anti anapita kumpanda n'kuitana ndi mawu amene sindinawamvepo, ofewa ngati a mtsikana. "Atate ake Jenala."

"N'chani?"

"Mkazi wanu wamng'ono wakomoka."

Amalume anangofunsa kuti, "Gadi ili kuti?"

"Ili bwino. Ili pa filiji."

Amalume anatulukira pampata wa mpanda, amayi onse n'kukuwa nthawi imodzi. Ba Fyness anawatsekereza ndi manja onse awiri.

"Ba Yoramu, bwererani! Kuno kulibe amuna lelo."

"Ba Fyness, muli nkhuku za ukwati umo. Zikafa, apongozi nizawapatsa chani? Makabichi?"

Amalume anati njira inali imodzi yokha, kusamutsira anapiye m'kalavani yakale n'kuyatsa hita ya gasi, imene inali isanayatsidwe kwa zaka ziwiri. Ba Fyness anati mkwatibwi satuluka. Amalume anati anapiye sadikira. Anayang'anizana. Pomaliza Ba Fyness anamasula chitenge chimodzi m'chiuno mwawo, poti anali atavala zitatu, n'kuwafunditsa Amalume kumutu.

"Muimirire apa pawindo. Mukambe chabe. Mukasuzumira, muzaniziwa."

Zimene zinatsatira sindidzaziiwala. Amayi makumi atatu ovala zitenge zofanana anapanga mzere pakati pa makalavani awiri. Anapiye ananyamulidwa m'mabeseni atsopano, m'mapoto a mphatso akadali ndi mapepala ake, ena m'zitenge ngati mtedza. Mayi wina anaika asanu m'bulauzi, nati kumeneko n'kofunda kuposa hita iliyonse. Botolo la gasi analilanda pansi pa mpunga usanapse, ophika akutukwana. Utuchi anauthira kuzungulira mapazi a Jenala, amene anangokhala duu pansi pa chitenge chake, anapiye akumukwera m'miyendo.

Anti anagwada pa hita. Mawu a Amalume ankachokera m'chitenge kunja kwa windo.

"Amake Jenala, tsegulani gasi. Manje pindani chakuda icho, mukanikize pansi. Osaleka! Na kwanja kwina dinani kofiira mpaka kalire."

Kanalira kuti tha, tha, tha. Kamoto kakang'ono kanaoneka pakagalasi.

"Wayaka!" anakuwa Anti, n'kukweza manja onse m'mwamba. Moto unazima.

"Mwaleka?"

"Nenze kukondwera."

"Mugwire, muwerenge mpaka sate, makumi atatu! Iyi ni yakudala, sifuna vothamanga."

Kachiwiri Anti anafika pa khumi ndi ziwiri. Mwanapiye wina anawajompha chala chakuphazi, iwo n'kulumpha. Kachitatu anaiwala kuwerenga chifukwa choyankha Amalume, amene ankawakumbutsa za gadi. Kunja mthunzi wa mpanda unali utafika pakati pa bwalo. Kulira kwa anapiye kunayamba kuchepa mphamvu, ndipo awiri anali atagona cham'mbali osadzuka. Amalume anasiya za gadi.

"Dailes," anatero motsitsa mawu, "gwira chabe. Napapata."

Ba Fyness anaitanitsa ng'oma. Anapeka nyimbo pomwepo, ya mawu atatu okha, "Gwira, Dailes, gwira," amayi n'kumavomera akuomba m'manja. Anti anatsinzina, chala chili pa chakuda chija, chiuno chokha chikuvina. Nyimbo itazungulira kakhumi, Amalume anati, "Manje lekani pang'onopang'ono."

Moto sunazime. Unayenda m'mbali mwa hita kuti vuu, chitsulo n'kuyamba kutetheka.

"Ni wa blu?" anafunsa Amalume. "Niuzeni, ni wa blu?"

Nthungululu zinadzaza bwalo. Patapita kanthawi anapiye anayamba kuchoka pakona, akumwazikana, ena akujompha utuchi. Mmodzi anali atalowa m'chitenge cha Jenala n'kutulukira pakhosi. Mapewa a mkwatibwi ankagwedezeka.

"Iwe Jenala, nakuona," anatero Ba Fyness, iwonso akupukuta misozi ya kuseka. "Mkwatibwi saseka."

Nthawi yomweyo minibasi ya achibale a mwamuna inalowa pachipata, yofiira ndi fumbi. Amayi anatsika akuimba, mphatso zili pamutu. Anaona munthu wofunda chitenge ataima chete pambali pa kalavani, mutu uli pansi, ndipo analunjika komweko. Anamuzungulira akuvina, wina n'kuyala chitenge chake pansi kuti apondepo. Azakhali a mkwati anawerama mwaulemu, kenako anaima.

"Koma mkwatibwi wathu ali na mapazi," anatero, akuyang'ana magambutsi a Amalume odzaza matope a kudimba.

Amalume sanavule chitengecho. Anathawa nacho chomwecho, anaphonya mpata, n'kubowola wina watsopano pampanda. M'kalavani Jenala anaseka mpaka kutsokomola, ndipo Ba Fyness anamusiya.

M'mawa mwake kunja kunali chisanu choyera pa udzu. Amalume anadzuka mwa nthawi yawo, ine ndikusesa pabwalo. Anadutsa kalavani yatsopano osaiyang'ana. Atafika pa yakale anavula chipewa, ananjuta, anaomba m'manja katatu, kenako anagogoda kawiri.

"Mwauka bwanji, amai akulu?"

M'katimo anapiye anayankha onse pamodzi. Anafa awiri okha aja. Amalume anawakwirira kuseri kwa khola, kenako analowa m'nyumba, anazula gadi pa filiji ya akazi a abusa, n'kukaimangirira ndi waya pakhoma la kalavani yatsopano, ngakhale hita yake inali itapsa kale. Anapotokola wayayo kasanu ndi kawiri ndi pulayasi, Anti ataima pakhomo ndi kapu ya tiyi, akuwawerengera mokweza.