Pulinta ya Bambo ndi Chithunzi cha Malemu a Chunga

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili Sitandade 7, pamene bambo anabweretsa pulinta m'nyumba mwathu ku Santhe. Chaka chimenecho fodya anachita bwino, ndipo amayi ankayembekezera malata a khitchini. M'malo mwa malata tinangoona bambo akutsika matola, chikatoni chili paphewa. Anali atagula makinawo kwa mphunzitsi wina wa ku Mtunthama amene ankasamuka.

"Zimenezi ndiye zifolera khitchini?" amayi anafunsa, osayang'ana n'komwe m'katonimo.

"Dikirani muone, amake Tiyamike," anatero bambo.

Anali makina otuwa, aakulu ngati kasutikesi. Ankachita fotokope, ankasindikiza zithunzi kuchokera pakakhadi ka m'kamera, komanso ankatha kukulitsa chithunzi chaching'ono. Ukatukula chivundikiro umapeza galasi loikapo pepala. Pamwamba pa chivundikirocho panali kakhomo kena kamene kankakoka mapepala okha, limodzilimodzi, ukafuna kukopa ambiri.

Ubwino wake tinauona msanga. Anthu a kalabu ya fodya ya bambo anasiya kupalasa njinga mtunda wautali chifukwa cha pepala limodzi. Akwaya a kutchalitchi kwathu anayamba kuimba aliyense atagwira pepala lake. Tsiku la ubatizo bambo ankajambula ana m'mawa, pofika masana makolo n'kumapita kwawo zithunzi zili m'manja. Ine ndinkanyadira kwambiri, chifukwa mabatani ake ndinawadziwa msanga kuposa bambo.

Koma makinawo anali ndi nkhuli. Inki inali m'timabotolo tinayi, ndipo kakangotha kamodzi, ngakhale kachikasu, pulinta inkakana kusindikiza ngakhale kalata ya zilembo zakuda zokhazokha. Inkiyo inkapezeka ku Boma, nthawi zina mpaka ku Lilongwe. Ikakhala sabata osagwira ntchito inkauma m'kati n'kumatulutsa nkhope za mizeremizere. Fumbi la m'chilimwe inkadana nalo, choncho bambo ankaifunditsa nsalu yoyera imene amayi ankasungira alendo. Chithunzi chikangodonthera madzi, mitundu inkayenderera. Amayi anafika poitcha mkazi wamng'ono wa bambo.

Malamulo anali awiri. Ndisayatse makinawo bambo kulibe, ndipo chithunzi chakale chiziikidwa pagalasi, osati pakakhomo kokoka mapepala. Ndinkawadziwa bwino onse awiri. Vuto langa linali phuma. Ndinali mwana wosatha kukhala pansi, wodya chiimire, woyankha funso mphunzitsi asanamalize kufunsa.

Tsiku lina Lachiwiri m'mwezi wa June, bambo anapita ku okushoni ndi mabelo, ndipo ankayenera kubwera Lachisanu. Amayi anali kuchigafa kusankha fodya wotsala. Ine ndinali nditangoweruka, ndikusintha zovala mothamanga chifukwa anzanga ankandidikira kumsewu kuti tikasewere mpira wamanja. Ndipamene ndinamva odi pakhonde.

Anali aNamwale, mayi wamasiye amene ankakhala kuseri kwa chigayo. Amuna awo, a Chunga, anali oyendetsa ngolo, ndipo anamwalira chaka chapitacho. Anakhala pamphasa, natulutsa buku la nyimbo m'chitenje. M'kati mwa bukulo munali kapepala ka pulasitiki, ndipo m'menemo munali chithunzi chaching'ono, cholimba, chopindika m'makona. A Chunga anali ataima ali mnyamata, atavala jekete lowakulira.

"Loweruka la sabata yamawa tikuvundukula chiliza," anatero. "Apongozi akufuna chithunzi chachikulu choti chikaime pamandapo. Chilipo n'chokhachi. Abambo ako alipo?"

"Apita ku okushoni."

"Ndiye ndibweranso akabwera."

Anali atayamba kale kuchikulunga. Ndikanangokhala chete, nkhaniyi sikanakhalapo. Koma ndinati, "Ine ndimatha, amayi. Sizichedwa."

Anandiyang'ana pang'ono, kenako anandipatsa chithunzicho ndi manja awiri.

Ndinalowa m'nyumba n'kuyatsa makina. Pagalasi pankafunika kudekha: kupukuta, kuika chithunzi pakona, kuyesa, mwina kubwerezanso. Kumsewu anzanga ankakuwa kuti, "Tiya, ife tikupita!" Ndinachilowetsa pakakhomo ka pamwamba n'kudina batani.

Makina anachikoka bwinobwino mpaka pakati. Kenako analira ngati njinga yothothoka tcheni, n'kuima, kanyali kofiira kakuphethira. Ndinagwira mbali imene inatsala kunja n'kukoka. Sichinabwere. Ndinakoka mwamphamvu. Phokoso la kung'ambika kwake linali laling'ono kwambiri, koma ndimalimvabe. M'manja mwanga munatsala mutu wa a Chunga kuyambira pamphuno kupita m'mwamba. Miyendo ndi jekete ndinazisolola kumbuyo kwa chivundikiro. Kachidutswa ka pakati, ka pakamwa ndi chibwano, sindinakaone.

Ndinabisa zidutswa ziwirizo m'kope la masamu, n'kutuluka.

"Magetsi athima," ndinatero.

Chigayo chinkalira kuseriko, ndipo chinali chamagetsi. ANamwale anapendeketsa mutu cha kuchigayoko.

"Chabwino mwanawe. Ndibwera mawa. Undisungire bwino."

Kumpira ndinapita, koma mpira uliwonse umene anandiponyera unkandipulumuka. Mphunzitsi wamasewero anandikhazika pambali. Pobwerera ndinazungulira njira ya kumunda kuopa kudutsa pachigayo.

Lachitatu anabweradi. Ndinawaona akadali patali, ndipo ndinawachingamira panjira kuti amayi asamve. Ndinawauza kuti inki yatha, tidikire bambo. Anafunsa ngati angatenge kaye chithunzi chawo. Ndinati bambo atseka m'kabati n'kupita ndi kiyi, ngakhale bambo anachoka chithunzicho chisanabwere. Bodza lachitatuli linali lopusa kuposa awiri oyamba aja, ndipo ndinalizindikira likutuluka m'kamwa.

Masiku amenewo sindinkakhazikika paliponse. M'kalasi ndinkatsegula kope la masamu pang'onopang'ono, n'kupeza maso a a Chunga akundiyang'ana, n'kutseka. Ndinayesa kulumikiza zidutswazo ndi selotepu, koma pakati pankatsala mpata wolowa chala. Ndinapisa singano yosokera fodya m'makinamo kufunafuna kachidutswa kotayikako, osakapeza. Ndinaganiza zonena kuti mbewa zadya. Ndinaganiza zothawira kwa azakhali ku Lukwa. Ndikakhala kuchigafa ndi amayi ndinkasakaniza masamba abwino ndi oipa, mpaka anandilanda mtolo.

"Wadya chiyani iwe? Ukungoyendayenda ngati nkhuku yofuna kuikira."

"Palibe, amayi."

Lachinayi aNamwale sanabwere. Kusabwera kwawoko kunandivuta kuposa kubwera.

Bambo anafika Lachisanu masana, fumbi lili mbuu m'tsitsi. Atasamba anavundukula makina awo monga mwa chizolowezi. Kanyali kofiira kanayaka. Ndinali pakhomo, ndikuwaona akutsegula kachitseko kam'mbali kamene ine sindinkakadziwa. Anasolola kanthu ndi zala ziwiri, nakayang'anitsitsa pawindo.

"Tiyamike, chibwano ichi n'cha ndani?"

Ndinafotokoza zonse nditagwada, mawu akudukaduka. Ndinkayembekezera lamba, ndipo mwina ndinkalifuna, kuti zithe. Bambo sanavule lamba. Anangotembenuza kachidutswako padzanja.

"Makinawa ndinabweretsa ndine, ndipo za makina ndikayankha ndine," anatero. "Koma bodza ndi lako. Ukalinena wekha, ndi pakamwa pako. Tenga kope lakolo."

Kuchokera kwathu kukafika kuseri kwa chigayo si patali, koma ndinkafuna njirayo italike. Tinawapeza aNamwale akusenda mtedza. Anatiyalira mphasa, anapatsana moni ndi bambo, anafunsa za mitengo ya ku okushoni. Kenako bambo anati, "Mwanayu ali ndi mawu," n'kuyang'ana kumbali.

Ndinaika zidutswa zitatuzo pamphasa. Ndinanena kuti magetsi sanathime, inki sinathe, ndipo kabati sinatsekedwe. ANamwale anapukuta manja pachitenje, natola zidutswazo chimodzichimodzi n'kuziyala pamiyendo. Anayesa kuzilumikiza ndi chala. M'mphepete mwa kachidutswa ka pakati munali mutapalika, ndipo mlomo wam'munsi unali utachokeratu.

"Chigayo ndinachimva tsiku lija," anatero motsitsa mawu. "Ndinangoti mwina mwana waopa makina, akufuna abambo ake abwere. Dzana apongozi anatuma munthu kudzafunsa. Ndinawayankha kuti chithunzi chili m'manja abwino. Wandinamizitsa kwa apongozi anga, mwanawe."

Sanakweze mawu, ndipo sanalire ife tili pompo. Bambo anapepesa, napempha kuti atibwereke zidutswazo tsiku limodzi. Anazengereza, kenako anazipereka kwa bambo, osati kwa ine.

Titafika kunyumba bambo anapukuta galasi, nayala zidutswazo chafufumimba, akuzisuntha pang'onopang'ono ndi kamtengo ka machesi. Ine anandiuza kuti ndingoima ndi kuonerera. Anabwereza kasanu. Ntchito imene ndinkaiona yochedwa Lachiwiri lija inatenga ola lathunthu, ndipo sindinaloledwe kukhala pansi kapena kuchoka. Makina omwe aja anajambula zidutswazo n'kuzisunga pakakhadi.

M'mawa mwake tinakwera matola kupita ku Boma. Kunali bambo wina wachikulire wa situdiyo amene ankakonza zithunzi pakompyuta. Anafufuta mizere ya kung'ambika mpaka osaonekanso, ndipo pamene panalibe mlomo anaumbapo wina. Bambo anamupempha kuti asindikize iye yemweyo.

"Si muli ndi makina anu kunyumba?" anafunsa wa situdiyoyo.

"Anga zithunzi zake zimasuluka zikakhala pakhoma," bambo anayankha. "Ichi chikufunika chikhalitse."

Aka kanali koyamba kuwamva akuvomera pagulu kuti pulinta yawo ili ndi polekezera.

Tsiku lovundukula chiliza chithunzicho chinaima pampando, chili m'felemu. Anthu ankachiyamikira, ena ankati a Chunga akuoneka ngati bwana wa ku ofesi. Apongozi aja anakhutira. Ine mtima unayamba kutsika, ndikuganiza kuti zatha bwino. Anthu akubalalika, aNamwale anandikodola. Anali atanyamula felemuyo pachifuwa.

"Abambo ako ayesetsa," anatero. "Maso ndi awo, mphumi ndi yawo. Koma pakamwapa si pawo. A Chunga anali ndi chipsera pamlomo wam'munsi, ng'ombe inawaponda ali mnyamata. Akamaseka chinkakwera m'mwamba. Adzukulu adzadziwa munthu wosalala uyu."

Sankandidzudzula. Ankangondiuza, monga munthu amauzira mnzake kuti mvula yawononga mbewu.

Pulinta ija inakhala nafe zaka zina ziwiri. Dzinja lina inki inasowa miyezi itatu, ndipo itapezeka m'kati munali mutauma kale moti sinasindikizenso. Lero ndimaphunzitsa kusekondale, ndipo anzanga akandifunsa ngati n'kwanzeru kugula makina otere a panyumba, ndimawauza zimene ndinaona: amathandiza ngati uli ndi ntchito yowapatsa sabata iliyonse komanso inki ili pafupi, koma chinthu chimene chilipo chimodzi chokha padziko usachipereke kwa iwo mothamanga.

Chaka chatha nditapita kumudzi ndinakawaona aNamwale. Akalamba, maso ayamba kuchita nkhungu. Felemu ija ili pakhoma, sinasuluke ngakhale pang'ono. Tikucheza anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa ngati ndikukumbukira mbali imene kunali chipsera chija, kumanja kapena kumanzere. Anati masiku ano akatseka maso amaona nkhope ya pakhomayo.

Ndinali nditachigwira chithunzi chenichenicho m'manja mwanga chisanang'ambike, koma nkhopeyo sindinaiyang'anitsitse n'komwe. Ndinawauza zoona, kuti sindikudziwa.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti kupepesa ndi kukonza kumabweza chinthu pamene chinali. Tsopano ndikudziwa kuti munthu akhoza kukukhululukira ndi mtima wonse, monga anachitira mayi amenewa, koma chimene unamutayitsa n'kukhala chitatayika ndithu. N'chifukwa chake wina akandipatsa chinthu chake ndi manja awiri, ndimayamba ndakhala pansi.