Foda ya Achimwene

Ndikamva fungo la fumbi lowauka mkati mwa kompyuta, ndimakumbukira nyengo yozizira ya chaka chimene ndinali Sitandade 4. Mphepo ya ku Chitipa inkalowa pansi pa chitseko ndi kumwaza mapepala, ndipo milomo yathu inkang'ambika ngakhale tidzole mafuta. Amayi anali ndi kashopu kotayipa makalata ndi kutsuka zithunzi kuseri kwa msika wa pa Boma. Tinachokera ku Mulanje ine ndili wakhanda.

Wojambula zithunzi anali achimwene anga a Madalitso. Ankayenda ndi kamera pa njinga mpaka kumidzi, m'maukwati ndi m'maubatizo. Anamwalira mvula itangosiya, atadwala masiku anayi okha. Maliro atatha, Amayi anasamutsira zithunzi zawo zonse pa masidi, nazifufuta mu kompyuta chifukwa inkadandaula kuti yadzaza. Anasiya foda yokha, yolembedwa dzina lawo.

Foda imeneyo ndi imene inatisokoneza. Ukaitsegula, munali mbee, mopanda kanthu. Koma ukangoiloza ndi mausi osadina, pankatuluka kabokosi kachikasu konena kuti muli katundu wambiri, nambala yomweyo imene inkaoneka achimwene ali moyo. M'mawa uliwonse Amayi ankailoza, n'kutsonya, n'kumaidzudzula kompyuta kuti ndi yabodza ngati wogulitsa kaunjika. Makasitomala ankadikira pa benchi atafunda zitenje, Amayi ali kalikiliki kufunafuna chimene chadya malo.

A Namukonda, telala wa khomo loyandikana, anabwera tsiku lina kudzaona okha. Anatipatsa moni wa Chitumbuka, nawerama pa sikirini, tepi ili m'khosi. Anayang'ana nthawi yaitali. Potuluka analankhula motsitsa, poganiza kuti ine sindikumva.

"Mwana wanu uja sanatenge katundu wake, mama. Musamuthamangitse."

Kuyambira tsikulo ndinkaopa kutsala ndekha m'shopu, komabe ndinkafuna kutsala. Masana Amayi akapita kukagula ndiwo, ndinkakwera pampando wawo, miyendo ili lendelende. Fani ya m'kompyuta inkalira ngati munthu wopuma movutika, ndipo malata ankathetheka ndi mphepo. Ndinkakankha mausi pang'onopang'ono mpaka kamuvi kafike pa dzina la achimwene, n'kudikira. Kabokosi kakatuluka, ndinkawauza achimwene zakusukulu monong'ona, za mayeso, za mtsikana amene anandibera rula.

Zinatha Loweruka lina masana. Magetsi anazima, nabweranso ndi mphamvu moti babu linaphulika. Kompyuta inachedwa kuyaka, ikulemba manambala oyera pa mdima, ngati ikudziwerenga yokha. Itatseguka, ndinathamangira kuloza foda ija Amayi ali chiimire kumbuyo kwanga. Kabokosi kanatuluka, nikanena kuti mulibe kanthu.

Ndinayembekeza kuti Amayi asangalala. Anandilanda mausi, naloza, nachotsa, nalozanso, mwina kasanu. Kenako anakhala pa benchi ya makasitomala, manja ali pakati pa mawondo. Tsikulo tinatseka dzuwa likadali m'mwamba. Ine ndinkadziwa mumtima kuti achimwene abwera ndi magetsi aja kudzatenga zawo.

Lero ndimagwira ntchito muofesi, ndipo ndikudziwa kuti makina amatha kusunga chiwerengero chakale mpaka china chiwakakamize kuwerenganso. Ndinafotokozera Amayi zimenezi chaka chatha, tikusenda nyemba pakhonde. Anaseka pang'ono, nandiuza kuti ankadziwa. Mnyamata wokonza makompyuta wa ku Karonga anawaonetsa kakonzedwe ka foda ija sabata yoyamba yomweyo, nawalembera papepala. Pepalalo analipinda, nalisunga m'Baibulo, ndipo sanalitsegulenso.