Mpope wa mfuti ndi dzanja la apongozi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera pa chiwaya cha vitumbuwa. Tinali titangosamukira ku Palabana kuchokera ku Katete, amuna anga akugwira maganyu m'mafamu a mkaka, ine ndikukazinga vitumbuwa pansi pa mtengo moyang'anana ndi shedi ya Ba Tembo. Ba Tembo anali mkulu wamfupi wa imvi, wowotcherera mageti ndi mapulawo, koma analinso ndi chilolezo chokonza mfuti za alimi ndi za eni mafamu a nyama. Mfuti yopanda mapepala ankaibweza isanalowe n'komwe.

Tsiku lina anaima n'kumandiyang'ana ndikukwecha chiwaya ndi mchenga. "Amake Tiza, mutsuka monga muli na mkwiyo," anatero. "Bwerani pa Mande. Nchito yanga ni yotsuka chabe, koma anyamata safuna kumvera." Ndinaseka poyesa ndi nthabwala. Lolemba anandipatsa ovololo yaikulu moti ndinachita kupinda miyendo ndi manja omwe.

Mfuti zambiri amazidetsa ndi mankhwala amene amaluma chitsulo pang'ono n'kuchisiya chakuda. Koma mpope wa sitenilesi, chitsulo chosachita dzimbiri chija, mankhwala wambawo sauluma. Umatuluka uli mbee ngati supuni yatsopano, ndipo kutchire umang'anima ndi dzuwa, nyama n'kukuona uli kutali. Ndiye ife tinkaupopera penti wapadera wakuda, wowotcha mu uvuni.

Ba Tembo ankamasula mpopewo ataupana pa vaisi, kwinako n'kusiyira ine. Ndinkatseka mabowo onse awiri ndi tizirabala kuti m'kati musalowe kanthu. Kenako ndinkaulowetsa m'bokosi la mchenga, n'kuyatsa kompresa yopopa mphepo, n'kumauwomba ndi mchenga wosalala mpaka kunyezimira konse kutatha, chitsulo chitatuwa, chitakhakhala pang'ono kuti penti apeze pogwira. Ukachoka apo unkaviikidwa mu asetoni wochotsa mafuta, kupachikidwa ndi waya, n'kutenthetsedwa pang'ono mu uvuni kuti mafuta obisala atuluke. Akatuluka, kutsukanso. Ukayera bwino, palibenso khungu la munthu lololedwa kuukhudza. "Chala chimozi chabe," ankatero Ba Tembo, "penti izafunduka pamene apo, na dzina yanga izafunduka nayo."

Ine wochokera ku mafuta a vitumbuwa, ndinapezeka pa ntchito imene mafuta ndi mdani. M'nyengo yozizira manja ankang'ambika, koma gilisalini ndinkadzola pokhapokha ndikaweruka. Komabe masiku amenewo ndimawasowa kwabasi. Wailesi yakale ija yopachika pa msomali, tiyi wa m'kapu yachitsulo, Ba Tembo akuimba nyimbo za kutchalitchi molakwitsa mawu koma mosadzikayikira. Kanali koyamba munthu kundikhulupirira pa chinthu china osati kuphika.

Amene sanakondwe nazo anali apongozi anga aamuna, Ba Sakala, kapitawo wa alonda pa famu ina ya nyama ku Bundabunda. Anali munthu wa mawu ochepa, woopedwa ndi ana ake omwe. Chikwatiwire ndinali ndisanawalankhulepo nditaimirira. Ndinkagwada chapatali, maso pansi, n'kupereka moni motsitsa mawu. Amuna anga anandiuza kuti atate awo anadandaula: mkazi wovala buluku pakati pa amuna, ndi ulemu wanji umenewo? Ine ndinkangopemphera kuti asadzandipeze m'shedimo.

Ndiye inabwera mfuti ya pa famu yawo, yomwe ankainyamula iwowo, yoti tiidetse mpope wake wa sitenilesi. Tsiku lopopera, Ba Tembo anaitanidwa mwadzidzidzi ku Lusaka, mlongo wawo atagonekedwa m'chipatala. Anandionetsa kabotolo ka penti kotsala pang'ono. "Ni yothera iyi, ina ili kutali. Muziwa zonse, Amake Tiza. Chitani." Aka kanali koyamba kupopera ndekha.

Penti ameneyu amasakanizidwa ndi mankhwala oumitsa, ndipo ukangosakaniza, sachedwa kulimba. Ndinatsuka mpope, ndinaupachika, ndinavala magolovesi ndi chophimba kumphuno, ndinasakaniza penti yense, ndinamusefa n'kumuthira m'chopopera. Ndikuyesa mphepo pa kachidutswa ka katoni, kuwala kwa pakhomo kunatsekeka. Potembenuka, ndi apongozi, chipewa kumutu, akutafuna nsawa zokazinga, zala zikunyezimira mafuta.

Miyendo inafuna kugwada yokha. Koma kugwada n'kuika chopopera pansi, n'kuvula magolovesi, n'kufunsana za kunyumba mmodzimmodzi mpaka nkhuku, penti akulimba. Ndili m'kati moganiza, iwo anayandikira mpope uja. "Ndiye iyi mfuti yanga? Yatuwa bwanji?" Dzanja linanyamuka.

"Osagwira!"

Mawuwo anatuluka mokweza moti ndinadabwa kuti ndi anga. Choipa kwambiri, dzanja langa lamanzere linali litagwira kale mkono wawo, pamwamba pa wotchi. Ine, mpongozi, kugwira thupi la atate a amuna anga ndi kuwakalipira ngati mwana wofuna kugwira mbaula. Kompresa inazima yokha. Anayang'ana dzanja langa, kenako nkhope yanga. Ndinawasiya.

"Atate, khalani apo pang'ono," ndinatero.

Sanakhale. Anaima pakhomo, ine ndinawapatsa msana, chinthu chinanso chosachitika. Ndinapopera monga anandiphunzitsira: mkono uziyenda kale usanakanikize chopopera, kuyambira kunja kwa chitsulo n'kuthera kunja, mopepuka, kutembenuza waya, kubwerezanso. Misozi inkatsikira m'chophimba chija. Penti anakwanira ndendende. Nditadikira kuti aume pang'ono, ndinapachika mpope mu uvuni n'kutseka. Pamenepo m'pamene ndinavula magolovesi n'kugwada pa simenti. Pakhomo panalibe munthu.

Mpope unatuluka wakuda bii, wosanyezimira, wosalala paliponse. Ba Tembo atabwera anautembenuza pa kuwala nthawi yaitali osapeza cholakwika. Nditawafotokozera za apongozi, anaseka mpaka kutsokomola, kenako anasiya kuseka. "Pepani mwana wanga. Nenze kufunika kuika ka geti pakhomo kale." Mawa lake anawotcherera kageti kofika m'chiuno.

Kunyumba kunalibe zoseka. Amuna anga anagwira mutu. "Iwe, unawagwira? Na kuwakalipira?" Apongozi akabwera kudzaona adzukulu ankakhala panja, chakudya changa n'kumati akhuta. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa ndinkawalemekeza ndi mtima wonse, ndipo ndinkaopa kuti andiuza kusankha pakati pa banja ndi ntchito. Azakhali a amuna anga ndiwo anandiitana. "Tenga nkhuku, tiyende tikapepese. Nkhani yaso siigona nthawi itali."

Tinakwera minibasi ya ku Bundabunda, nkhuku ili m'manja. Ndinagwada pabwalo, azakhali n'kundilankhulira. Atatha, ndinawonjezera ndekha, ngakhale anali atandiletsa: "Atate, kukugwirani nalakwa. Koma mukanagwira chija chitsulo, sembe nchito yonse inaonongeka." Azakhali ananditsina. Apongozi anangoti mfuti ija ayenda nayo m'mvula ndi m'minga, sinafundukepo. Nkhuku analandira. Zoti andikhululukira sananene, ndipo ndinabwerera mtima uli m'mwamba.

Papita zaka tsopano. Ba Tembo anatisiya, shedi ija akugulitsiramo simenti kwa anthu a ku Lusaka omanga m'mapuloti atsopano. Ine ndili ndi malo anga opopera mageti ndi mafelemu a mawindo, za mfuti ndinasiya. Chimene ndinatengako n'choti mlendo ndimamulonjera panja, mokwanira, ndisanasakanize penti. Ndikasakaniza, aliyense amadikira, kaya ndi abusa, ndipo ndimanena poyera osachita manyazi. Atsikana awiri amene ndikuwaphunzitsa ndimawauza zomwezo, chifukwa ife tinaleredwa kuti tizingokhala chete ngakhale chinthu chikuonongeka tikuona.

Apongozi nawonso anapita. Ndikawakumbuka, sindiona tsiku la mkono lija ayi. Ndimaona m'mawa wina, patangopita milungu yochepa chiperekere nkhuku, atabwera ndi mnzawo wa famu ina yemwe ankafunanso kudetsa mfuti. Ndinali nditavala kale magolovesi. Anaima kuseri kwa kageti, manja onse awiri kumbuyo.

"Amake Tiza, tilowe kapena tiyembekeze?"

"Yembekezani pang'ono, Atate."

Mnzawo uja anafuna kukankha geti. Apongozi anamugwira phewa. "Imwe, simunamve? Mwana wanga ali pa nchito." Ndipo anaima padzuwa pomwepo mpaka nditamaliza.